Chithunzi Chimene Che Ajasi Anatumiza ku Joni

Amalume anga Che Ajasi anamwalira m'mawa, ndipo thupi lisanasambitsidwe n'komwe chithunzi chawo chinali chitayamba kale kuzungulira m'mafoni a abale. Ine ndinachiona nditakhala pamphasa pakati pa amayi olira, wina atanditambasulira foni kuti ndione mmene awakonzera bwino. Misozi inauma pomwepo. M'malo mwake munabwera nseru, ndipo mpaka lero, sadaka ya masiku makumi anayi itapita kale, sinandichoke.

Munthu amene anajambula mudzi wonse wa Nkope kwa zaka zoposa makumi atatu analibe chithunzi chakechake. Choncho achemwali anga aakulu, a Asiyatu, anatenga cha pachiphaso chawo n'kuchipereka kwa foni kuti ichite nacho zimene imadziwa. Khungu lawo lakuda bii linayera ngati la khanda. Makwinya onse anasitidwa. Anawaveka mkanjo wonyezimira umene sanaukhudzepo m'moyo wawo, kumbuyo n'kuikako mitambo ndi maluwa osamera kwathu kuno. Koma chimene chinandinyansa kopambana ndi pamphumi. Amjomba, monga tinkawaitanira, anali ndi bala lakuda pamphumi limene linabwera ndi kugwetsa nkhope pansi kasanu pa tsiku, zaka zonse za swala. Foni inaliyesa litsiro, inalifufuta. Ndipo abale, mmodzimmodzi, ankalemba pansi pake kuti nkhalamba yaoneka bwino zedi.

Akanakhala ndi moyo akanatsonya. Kutsonya kwa amjomba kunali kodziwika kuyambira kumzikiti mpaka kudoko. Sikunali kwamsanga ngati kwa mayi amene wina wamudumpha pamzere wa pamjigo. Ankakukoka pang'onopang'ono, mano atalumana, mpaka wekha unkayamba kudziyang'ana kuti walakwitsa pati. Akatsonya kamodzi ndiye kuti wavala chobwereka. Akatsonya kawiri ndiye kuti waika dzanja pachibwano ngati munthu woganiza, pamene mudzi wonse ukudziwa kuti sunaganizepo chibadwire.

Zaka zawo zomaliza ankayenda ndi zinthu ziwiri: kamera yaing'ono m'kathumba kansalu kamene anawasokera akazi awo, ndi kampando kathabwa kakafupi ngati ka mwana. Ankafika pakhomo pako osaitanidwa, kupereka salamu, kukhala pakona, zii. Ukathamangira m'nyumba kukasintha zovala, potuluka unkapeza atapita. Ukawapatsa tiyi ankamwa. Ukatopa nawo, n'kuwaiwala, n'kubwerera ku zimene unkachita, m'pamene unkamva kuti tche! Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu a ku Nkope ndi nkhono zovuta kuposa za m'thengo, chifukwa za m'thengo sizipaka paudala.

Zimene ankabweretsa pakapita sabata sizinkakondweretsa munthu. Msana wa mayi woweramira pathandala la usipa. Mapazi ong'aluka a mlovi ali pachingwe cha ukonde. Ana awiri akulimbirana mutu wa chambo, wina mamina ali pamlomo. Akazi awo omwe anawajambula atagona masana pakhonde, kukamwa kuli yasa, ndipo tsiku limenelo amjomba anathamangitsidwa ndi mthiko mpaka kuseri kwa bafa. Ndimakumbukira mayi wina woyandikana nafe atagwira chake ndi zala ziwiri ngati chinthu chonunkha.

"Che Ajasi, mwandichita chipongwe chanji? Mamba a nsomba mpaka m'zigongono, mpango wong'ambika! Ndichionetse ndani chimenechi?"

"Musachionetse munthu," anatero amjomba. "Chiikeni pansi pa sutukesi. Adzachifuna ena, osati inu."

Ndipo zinkaterodi. Pakachitika maliro, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, unkaona mwana wa malemuyo akubwera mozemba, n'kukhala m'mphepete mwa khonde, n'kuyamba ndi nkhani za mphepo ya mwera. Potsiriza ankafunsa ngati mwina, mwa mwayi, pali kachithunzi ka amayi ali pantchito yawo. Amjomba ankatsonya kaye, kenako n'kulowa m'nyumba kukafufuza m'makatoni.

Koma ndisawasandutse mngelo, iwo akanadana nazo. Bodza limene ankanyansidwa nalo analiphunzitsa anthu akwathu ndi iwo omwe. Kamera yawo yoyamba, ya filimu, anaigula ku Chiponde kwa munthu wina wa ku Mozambique amene ankabwerera kwawo nkhondo itatha. Masiku amenewo ankapalasa njinga kuchokera ku Nkope mpaka ku Nkopola, pakaliyala atamangapo chikwama chodzaza ndi ulemerero wobwereketsa: jekete yakuda, tayi, magalasi adzuwa, kachikwama ka m'manja ka amayi, wailesi yopanda mabatire, ndipo pambuyo pake foni yakufa yoika kukhutu. Ankadziwana ndi alonda a m'maloji, amene ankawatsinzinira diso mlendo akapita kukasambira, kuti munthu wawo atsamire galimoto ya mwini kwa kamphindi. Zithunzi zimenezo zinkapita ku Joni, kumene theka la anyamata akwathu lili. Ndipo kuchokera ku Joni kunkabwera zina, anyamata omwewo atatsamira magalimoto a mabwana awo. Mabodza ankapatukirana panjira, lina likupita, lina likubwera. Amjomba ankati jekete yawo ija inafika ku Joni kambirimbiri kuposa munthu aliyense wa ku Mangochi, yopanda ndi pasipoti yomwe.

Chimene chinawathyola ndi cholakwika chaching'ono. Tsiku lina anayala zithunzi pamphasa kuti azigawe kwa eni ake, ndipo anasokoneza. Cha Che Imedi, msodzi wa kumtunda, anakachipereka kwa Che Bakali, msodzi wa kumunsi. Atazindikira, m'mawa mwake anapalasa njinga kukapepesa. Anapeza Che Bakali akukonza nyali zake, chithunzi chitapita kale kwa mng'ono wake ku Joni.

"Palibe vuto, Che Ajasi," anatero Che Bakali. "Jekete ndi yomweyo, galimoto ndi yomweyo. Komanso Imedi ndi wonenepako, kumeneko aziti ndikudya bwino."

Amjomba anabwerera akukankha njinga, osaikwera. Atafika anapereka jekete ija kwa alovi kuti azipukutira injini, kamera n'kuipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Inakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi.

Anthu ankati mafoni awalanda ntchito, ndipo palibe chimene chinkawapsetsa mtima kuposa mawu amenewo. Ankati si foni, maso awo ndiwo akhuta, ngati mmene munthu amakhutira usipa wa tsiku ndi tsiku mpaka fungo lokha kumubweza. Anayamba kusoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango. Ife tinkayesa kuwanyengerera. Pa Idi, ana atavala zatsopano, tinkawatsitsira kamera n'kuwaika m'manja. Ankaikweza, kuyang'ana, ana n'kuima chilili ngati asilikali, mano panja. Ankaitsitsa osadina. Ankati munthu akaona kamera amathawa, pamatsala zovala zokha, ndipo iwo satha kujambula zovala popeza si telala. Nthawi ina anayesa mbuzi, poti mbuzi sibwereka jekete, koma atajambula zitatu anati nazonso nkhope ndi imodzimodzi. Mkulu wina wa kumzikiti atawayamikira kuti achita bwino kusiya, zithunzi ndi haramu, zoletsedwa m'chipembedzo, amjomba anamuyankha kuti za ena sakudziwa, koma zawo zinalidi haramu chifukwa zinali umboni wonama. Mkuluyo sanadziwe ngati amuvomereza kapena amutukwana.

Ukwati wa a Asiyatu anakana kujambula, ndipo udani wa awiriwa unayambira pamenepo. A Asiyatu anabwereka mipando ya sofa kwa aphunzitsi, n'kuitulutsa pabwalo kuti akwati akhalepo. Amjomba anaiyang'ana, natsonya kawiri, napita kukathandiza ophika mpunga.

Tsopano ndinene za amayi anga, Abiti Saidi, mlongo wawo wa amjomba wa bere limodzi. Anali mayi wathupi, woyanika usipa ndi kuugulitsa, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Padzanja lamanja anali ndi chibangili chamkuwa chimene anavala pa ukwati wawo ali mtsikana wowonda, ndipo atanenepa chinakanirira. Sopo analephera, mafuta analephera. Tili ana tinkapikisana kulowetsa chala pansi pake, ndipo mlongo wanga wamng'ono Dauda, mwana wawo wamwamuna yekhayo, ankalira chifukwa ngakhale kachala kake sikankalowa.

Dauda ameneyo anakula n'kupita ku Joni, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atakhalako zaka zisanu ndi zitatu osabwera. Analibe mapepala. Tonse tinkadziwa kuti akangodutsa malire kubwera kuno, kubwerera kukhala kovuta, ndipo ntchito yake ya m'sitolo aipatsa wina. Iye ndiye ankamangitsa nyumba yanjerwa pafupi ndi msewu, yoti amayi akakalambiremo, a Asiyatu ndi amuna awo akuyang'anira. Nyumba inali itafika pamawindo pamene amayi anayamba kudwala m'mimba. Chakudza sichiimba ng'oma. Tinayenda nawo kuchipatala kangapo, mpaka tsiku lina anatiuza mwaulemu kuti tikawasamalire kunyumba.

A Asiyatu analamula kuti Dauda asauzidwe. Anati angosokonezeka mutu, asiya ntchito, nyumba ithera pamawindo, ndipo amayi akachira adzakhala kuti? Onse tinkadziwa kuti amayi sachira. Koma Dauda ankafuna chithunzi cha amayi Lachisanu lililonse, ndiye Lachisanu lililonse amuna akapita ku swala ife tinkayamba ntchito yathu. Ndikuti ife chifukwa ndinalimo. Ine ndi amene ndinkawapaka paudala. Ine ndi amene ndinkawaveka mabulauzi awiri m'kati, pamwamba diresi lalitali la manja aatali, m'mapewa n'kupindiramo tinsalu kuti mafupa asaoneke. Hijabu tinkaikokera kutsogolo kuti ibise masaya. Tinkawanyamula awiri n'kuwakhazika pampando kutsogolo kwa njerwa zija, a Asiyatu n'kuwauza kuti amwetulire. Amayi ankamwetulira, thukuta la ululu lili chuu m'khosi. Zotsalazo foni inkamaliza. Madzulo ake Dauda ankayankha mosangalala kuti amayi akunenepa, tipitirize kuwasamala. Akaimba, amayi ankalankhula mawu atatu, a Asiyatu n'kulanda foni kuti netiweki ikuvuta. Ndikakumbukira fungo la paudala uja mpaka lero ndimafuna kulavula.

Amjomba, monga mwinimbumba, anatiitanitsa. Anati chimene tikuchita ndi kuba, tikumubera mwana mayi ake ali moyo. A Asiyatu anawafunsa ngati iwo, osoka maukonde a eni, amaliza nyumbayo. Amuna awo a Asiyatu anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana pansi. Amayi, amene ankasambitsidwa ndi kudyetsedwa ndi a Asiyatu omwewo, anangoti ndi mawu otsika, "Musiyeni mwana agwire ntchito, achimwene."

Amjomba sanamusiye. Anabwereka foni kwa mnzawo wina n'kumuimbira Dauda, ine ndili pomwepo. Anamuuza mosapsatira kuti mayi ako akupita, nyamuka. Ndinamva Dauda akuseka mwaulemu kumbali inayo.

"Amjomba, chithunzi ndachiona dzana lomweli. Amayi ali bwinobwino, akumwetulira. Achemwali akuti ndi malungo chabe. Inu mumakonda kukulitsa nkhani."

Amjomba anabweza foni kwa mwini wake osatsazika. Tsiku limenelo sanatsonye n'komwe, ndipo chimenecho chinandiopsa. Anangoti mawu a mjomba agonja kwa paudala, ndipo mlandu ndi wawo, chifukwa ndi iwo anaphunzitsa Nkope kuti chithunzi chimakhulupirika kuposa munthu.

M'mawa mwake anatsitsa kamera pamsomali. Inali ija yaing'ono yosungira zithunzi pa kakhadi imene anagula filimu itayamba kusowa. Mavu anali atamanga pachingwe chake, batire litafa. Anakwera matola kupita kuboma kukasaka lina, nabwera dzuwa litapendeka. Tsiku lotsatira anafika kwathu ndi kampando kaja, koyamba kuti tikaone, nakhala pakona pa khonde pamene tinkagoneka amayi kuti awothere dzuwa la m'mawa. A Asiyatu atawaona anati ngati akufuna kujambula adikire tiwaveke. Amjomba anati akungoipukuta fumbi.

Tsiku loyamba anaikweza kamodzi. Amayi ataiona anadzikoka, nakonza mpango, namwetulira kumwetulira kuja kwa Lachisanu. Amjomba anaitsitsa, nkhope itakwinyika ngati alawa ndulu ya nsomba. Ngakhale munthu woti akufa, anandiuza pambuyo pake, akaona kamera amafuna kukusangalatsa. Tsiku lachiwiri sanaikweze n'komwe. Anakhala kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala yamasana, akucheza ndi mlongo wawo za anthu amene anafa kalekale, kamera ili pamiyendo. Ine mumtima ndinkati nkhalambayi yaiwala ntchito, zaka zisanu ndi chimodzi si masewera.

Tsiku lachitatu a Asiyatu anapita kukalandira simenti kumsewu. Ndinabweretsera amayi tiyi m'kapu yachitsulo. Anali atavala kabulauzi kawo kakale ka manja aafupi, poti silinali Lachisanu. Anatambasula dzanja m'mwamba kuti alandire kapu, ndipo chibangili chija, chimene sopo analephera, chinatsetsereka chokha. Chinadutsa mkono wonse, chinadutsa chigongono, chinakaima pafupi ndi phewa. Ine ndinali nditachiona chikutero kwa miyezi, osachiona. Ndinamva kuti tche!

Amayi sanatembenuke. Anamwa tiyi pang'ono, n'kuika kapu pansi.

"Achimwene, mwajambula?"

"Ndajambula, achemwali."

"Nkhope ilipo?"

"Palibe. Dzanja lokha."

Amayi anayang'ana kumsewu kumene a Asiyatu anapita. Kenako anakwezanso dzanja lija, pang'onopang'ono, kuloza kumene kunali dzuwa, chibangili n'kutsetserekanso.

"Bwerezani, mwina choyambacho chada. Koma ine sindinanene kanthu."

Amjomba anabwereza, atatsamiritsa chigongono pabondo. Atatha anandiyang'ana ine. Sanandipemphe kanthu, ndipo ine sindinalonjeze kanthu, koma a Asiyatu atabwera ndinawauza kuti amjomba angomwa tiyi n'kupita. Pa nkhani yonseyi chabwino chimene ndinachita n'chimenecho basi, ndipo nachonso chinali bodza.

Amjomba sanafune kutumiza chithunzicho pafoni. Ankati cha pafoni munthu amachiona ndi chala chili kale paulendo wopita ku china, ndiponso a Asiyatu akanapeza mawu ochifotokozera. Anapitanso kuboma, anakachitsukitsa papepala, chimodzi chokha, nachiika mu envelopu. Kumbuyo sanalembe kanthu. Anakachipereka m'manja mwa mmodzi wa anthu aja onyamula katundu pakati pa Mangochi ndi Joni, amene ankanyamuka sabata yomweyo, namulumbiritsa kuti akachipereke kwa Dauda yekha. Lachisanu la sabata imeneyo tinawavekanso amayi. Paudala ndinapakanso ine.

Patatha masiku asanu ndi limodzi foni yanga inalira ndili kumjigo. Anali Dauda. Sanapereke salamu.

"Achemwali Hawa, dzanja ili ndi la ndani?"

Ndinamva akupuma ngati munthu amene wathamanga.

"Chala changa sichinkalowa," anatero. "Chala changa sichinkalowa, achemwali. Mwandichita chiyani anthu inu?"

Anafika patatha sabata, atasinthasintha mabasi, ali ndi kachikwama kamodzi kokha. Palibe jekete, palibe galimoto. Nayenso anali wowonda, wosafanana ndi mnyamata wonenepa uja wa m'zithunzi zimene ankatitumizira. Atalowa pabwalo amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwenso unkatinamiza." Anaseka awiriwo, kuseka kokhala ndi misozi, Dauda atagwada pamphasa, dzanja lake lonse litalowa pansi pa chibangili.

Amayi anakhala masiku asanu ndi anayi. Dauda ndiye ankawanyamula m'mawa kupita nawo padzuwa, ndiye ankawamwetsa tiyi, ndipo tsiku la maliro anali kutsogolo kwa jeneza, chonyamulira mtembo. Amjomba masiku onsewo anali pakona ndi kampando kawo, ndipo palibe amene ankawaona. Zithunzi za masiku amenewo zilipo. Sindingazionetse munthu wakunja, koma sindingazisinthanitse ndi nyumba ina iliyonse.

Ndatchula nyumba chifukwa inatheradi pamawindo. Dauda sanabwererenso ku Joni. Lero amayendetsa njinga yamoto ku Chiponde, kunyamula amalonda ndi matumba awo, ndipo m'nyumba muja mwamera udzu, mbuzi zimabisalamo mvula. A Asiyatu sanawakhululukire amjomba. Pamaliro pomwepo anawauza pamaso pa anthu kuti atiphera tsogolo ndi kapepala kamodzi. Ramazani iwiri inadutsa osawapatsa moni. Amjomba sanadziteteze. Ankati n'zoona, nyumba anaigwetsa ndi iwo, ndipo akanapatsidwanso mwayi akanaigwetsanso. Dauda anangowauza mawu amodzi, kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo iwo anamuyankha kuti asiye miyambi, apite akasake ntchito.

Kuchokera pamenepo kamera sinabwererenso pamsomali. Ndi pamene anayamba kuyenda makomo ndi kampando, kujambula misana, manja ndi mapazi, zinthu zimene ankati sizidziwa kumwetulira. Palibe amene ankawalipira. Ndalama ya maukonde inkathera kotsukitsa, akazi awo akudandaula. Nthawi ina ndinawadandaulira kuti foni yanga yadzaza ndi zithunzi za ana anga koma zonse ndi chimodzi, zandikwana. Anandifunsa ngati ndimawaitana mayina ndisanajambule. Ndinati inde. Anatsonya. Anati ndikhale pansi penipeni, ndisaitane munthu, ndisapukute mamina a munthu, ndipo ndidikire mpaka ndichite manyazi ndi kudikirako. Maphunziro onse anathera pomwepo.

Sabata yatha tinachita sadaka yawo. Anthu anabwera ambiri, mpunga unakwanira, mashehe anawerenga. Chithunzi chija cha mitambo ndi maluwa wina anachikulitsa n'kuchiika m'felemu, ndipo alendo ankachiyamikira. Mzee wina wa maso ofooka, mnzawo wa pansi pa mango, anachiyandikitsa kumaso n'kufunsa kuti shehe ameneyu ndi wakuti.

Anthu atayamba kubalalika, a Asiyatu anati banja lonse tiime pakhonde la malemu tijambulitse, achibale a ku Joni aone. Anatikonza bwinobwino, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, wa mpango wakale abisale pakati. Kenako anayang'ana pafoni, nakwinya nkhope.

"Kampando ako kakuipitsa chithunzi. Wina akachotse."

Pamenepo panamveka kutsonya, kwakutali, kokoka pang'onopang'ono. Onse anatembenukira pakona paja, mpaka akazi awo a malemu anagwira pamtima. Panalibe munthu. Ndinali ine. A Asiyatu anandiyang'ana, koma kampando kanachotsedwabe, ndipo tonse tinamwetulira.

M'mawa mwake ndinabwererako ndekha. Kampando anakaponya kuseri, pamulu wa nkhuni. Pakona pamene kankakhala, dothi lozira lili ndi timaenje tinayi, ndipo kutsogolo kwake pali malo awiri osalala pamene zidendene zawo zinkapondapo. Pakhoma, pamsinkhu wa munthu wokhala pansi, pali bala lakuda la mafuta pamene mzuli wawo unkatsamira zaka zonsezi podikira kuti tiwaiwale. Akazi awo akuti adzazira ndi kupaka laimu Idi isanafike. Ndinawapempha kamera ija, ndinakhala pansi penipeni, ndipo ndinadikira mpaka dzuwa linafika pakhomapo. Nkhope palibe. Koma bala lakuda lilipo, ndipo limeneli palibe foni imene idzalifufute.